Mlamu Wanga Vitorino ndi Telala wa ku Chinakanaka

Mlamu wanga Vitorino analowa m'dziko muno ali kumsana kwa mayi ake, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Anakulira m'tsinde mwa phiri cha ku Likhubula, ndipo ndevu zisanamere bwino anali atayamba kale kusenza matabwa a paini kuchokera pa Chambe. Amene anakwerapo njira imeneyo akudziwa kuti ngakhale mbuzi imayamba yaima kaye n'kuganiza. Iye ankatsika chothamanga, thabwa lalitali lili pamutu, uku akuimba nyimbo zachilomwe zonyoza anzake amene wawasiya m'mbuyo. Matabwa atachepa anayamba kunyamula zikwama za alendo okwera phiri. Kumeneko vuto lake linali limodzi: ankafika pamwamba ndi chikwama, mwini wake akadali pakati pa njira akulira ludzu, madzi ali m'chikwama momwemo.

Anakwatira mlongo wanga Lily n'kudzakhala kwathu, kufupi ndi Thuchila. Ine ndine Jailosi, ndimakonza njinga pamsika pomwepo. Mkamwini amayenera kukhala wofatsa pang'ono, koma uyu ayi. Ankalima munda wa apongozi ake ngati pali wina akupikisana naye, ndipo kumaliro, adzukulu akamakumba manda, ankasuzumira kuti aone amene wataya dothi lambiri.

Munthu ameneyu, amene sanatererekepo pa Chambe, anagwa mumtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba ya amayi. Ankafuna kuthyolera mwana wake Millie peyala limene linali kunsonga, nthambi n'kuthyoka. Kuchipatala ku Blantyre anatiuza kuti fupa la msana lathyoka cha pakati pa mapewa, ndipo chingwe chimene chimadutsa m'kati mwa fupalo, chonyamula mauthenga pakati pa mutu ndi thupi, chawonongeka. Kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi sankamvanso kanthu. Ukamutsina pantchafu ankangokuyang'ana.

Anabwerako mvula itatha, ali pa njinga ya olumala. Masiku amenewo sindimakonda kuwakumbukira. Ankakhala pakhonde tsiku lonse atafulatira phiri, osaimba, osanyoza munthu. Lily ankamusambitsa, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kenako n'kupita kukalira ku mjigo kumene mwamuna wake sangamuone. Anthu akumpingo anabwera, achibale anabwera, ine ndinayesa nthabwala zachilamu, koma zonse zinkangogwera pansi.

Chimene chinamudzutsa chinali chipongwe.

Tsiku lina lamsika Lily anamukakamiza kuti apite naye akamudikirire tomato. Ali chikhalire pa njinga yake pambali pa benchi la tomatoyo, panatulukira Golden, telala wa ku Chinakanaka, kamunthu kowonda ngati phesi la nandolo. Golden anaduka mwendo umodzi pa ngozi ya minibasi. Makina amapalasa ndi mwendo wotsalawo, koma maulendo ataliatali amayenda pa njinga ya olumala, ndipo Loweruka lililonse ankapikisana ndi anzake angapo pabwalo la sukulu ina. Anafika pa liwiro, anaimika njinga ndi mateyala akumbuyo okha, anazungulira ngati nguli, n'kutera pamaso pa mlamu wanga.

"Kodi awa si aja ankauluka pa Chambe? Lero mwasanduka mlonda wa tomato?"

"Atelala, pitani mukasoke zigamba," anatero Vitorino.

"Ndikupita, achimwene. Ndimangofunsa: chimene mwakhalapocho chimayenda, kapena ndi mpando wa kutchalitchi?"

Ndinaona khosi la mlamu wanga likutupa. Ndinali ndisanalione likutupa chigwereni mumtengo.

"Kuchokera pa mjigo kukafika pa chigayo," anatero. "Pompano."

Msika unaima. Anyamata a kabaza anatseka msewu, amayi anasiya mitengo ili pakamwa. Aliyense woyang'ana mikono ya awiriwo akanasankha Vitorino, chifukwa yake inali ngati misi yosinjira, pamene ya Golden inali ngati timitengo ta machesi. Wina anaimba likhweru. Kukankha koyamba, njinga ya Vitorino inalumpha, mateyala akutsogolo m'mwamba. Kukankha kwachiwiri, thupi lake linangopindika ngati mpeni wa m'thumba, chifuwa pamaondo, mphuno pakati pa miyendo, ndipo kudzuka kunakanika. Njinga inapitiriza yokha ulendo, mwini wake akuyang'ana pansi. Inapatuka msewu, inadutsa pakati pa mabasiketi a usipa, n'kukaima mu mulu wa zinanazi za mayi wina wa ku Muloza, amene anayamba kutukwana m'zilankhulo zitatu.

Pamene tinkamuwongola, Golden anali atagunda kale khoma la chigayo n'kubwerera.

"Mumafuna chiyani pansipo, achimwene? Mwataya singano? Ine ndili nazo zambiri."

Madzulo amenewo Vitorino anadya makaka a chinangwa ndi nandolo mbale ziwiri, akutafuna ngati akutafuna telala. Lily anandikodola n'kundinong'oneza kuseri: "Achimwene, munthu uja wachira."

Kunali mayi wina wa mafizo, wothandiza ovulala kulimbitsa thupi, a Emma, amene ankabwera pa njinga yamoto kudzayendera odwala m'midzi. Kale akabwera, Vitorino ankanamizira tulo. Ulendo uno anawachingamira pamsewu atavula malaya.

"Amayi, taonani mikono iyi. Ndiye mukaone ya telala uja. Tandiuzeni, wandidyetsa chiyani?"

A Emma anaseka mpaka anakhala pansi pamphasa. Kenako anaitanitsa khasu la amayi, lija logwedera, n'kumuonetsa.

"Khasu ili ndi lakuthwa, eti? Nanga mungalime nalo?"

"Mpini wagwedera."

"Ndi inuyo ameneyo. Mikono yanu ilibe vuto, koma mkono umafuna potsamira. A Golden anataya mwendo, koma mimba ndi msana wawo zimamva akaziitana. Akamakankha amawerama ndi thupi lonse, n'kudzukanso okha. Inu mauthenga anu amathera pachifuwa. Minofu ya pamimba ndi ya kumsana ilipo, koma siimva. Mukakankha mwamphamvu, mphamvuyo imakugwetsani eni ake. Mpweyanso simukoka wochuluka ngati kale, chifukwa ina mwa minofu yopumira ili m'gulu lomwelo la osamva."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Tikumangeni."

Lily sanadikire kuti alongosole zambiri. Anavula chitenje chapamwamba, anachizunguliza pachifuwa pa mwamuna wake ndi kumsana kwa njinga, n'kumanga mfundo ija amamangira mwana.

"Amake Millie, ine ndine bambo wa nyumba ino!"

"Khalani chete, bambo a Millie, mungadzutse anzanu."

Amayi amene ankabwera ku mjigo anatsitsa zidebe kuti aseke bwino. Pofika mawa lake mudzi wonse unkanena kuti kwa a Lily njinga yabereka mwana wandevu. Koma atakankha, njinga inapita molunjika mpaka pa mtengo wa mango, iye ali chikhalire, mutu uli m'mwamba. Anatembenuka, anabwerera, anapitanso. Za ubambo wa nyumba sanazitchulenso. A Emma anandiuza kuti nditsitse mpando chakumbuyo kuti maondo akwere, azimuchirikiza, ndipo ndinawotcherera monga ananenera.

Mavuto ena anabwera ndi dzuwa la Okutobala. Vitorino ankakhulupirira kuti mwamuna weniweni amaphunzira kuthamanga masana, monga ankachitira kuphiri. Tsiku lina tinamupeza panjira ya kumunda wa tiyi, nkhope itafiira, maso ali gwa, akulankhula Chipwitikizi ndi chitsa. Ataona Lily anamutchula kuti mayi ake. Kumutu ndi m'mapewa thukuta linali kamukamu, koma kuyambira pachifuwa kutsika thupi linali louma ndiponso lotentha ngati lata. Tinamukokera pamthunzi n'kumuthira madzi mpaka nzeru zinabwerera.

A Emma atamva anakalipa zenizeni.

"Mukufuna kusiya mkazi wamasiye? Thupi limadziziziritsa ndi thukuta. Lanu limatuluka kumtunda kokha, kumunsi kuli chilala. Ndinu galimoto yopanda madzi mu injini. Muzithamanga m'mawa, muzimwa madzi, ndipo pazikhala wokuwazani."

Wowaza anali Lily. Anatenga botolo lija laboolaboola pachivindikiro, limene amawazira masamba pamsika kuti asafote. M'mawa uliwonse anthu opita kukathyola tiyi ankaona chionetsero chaulere: kutsogolo Vitorino atamangidwa chitenje chamaluwa, pambali pake ine ndikupalasa njinga, pakaliyala Lily atatambasula dzanja akuwaza.

"Mkazi uyu amanditenga ngati mpiru," ankadandaula.

"Mpiru sudandaula," ankayankha Lily, n'kumuwazanso.

Panalinso miyendo. Miyendo imene sinkamvera mwini wake inali ndi maganizo akeake. Njinga ikagunda mabampu, mwendo wamanja unkayamba kunjenjemera, nthawi zina n'kuwongoka mwadzidzidzi. Tsiku lina tinakumana ndi mkulu wa mpingo wina, munthu wachifundo, amene anatiimitsa kuti apemphere. Anagwada patsogolo pa njinga n'kugwira bondo la mlamu wanga ndi dzanja lozizira. Mwendo unawongoka n'kumupeza pachibwano. Mkuluyo anagwa chagada, anadzuka chipewa chili kwina, n'kuyamba kuthamanga kulowera kumsika akufuula kuti chozizwitsa chachitika. Tinavutika kubweza gulu la anthu amene anabwera ndi nyimbo. A Emma anati ndi kukokana kwa minofu chabe, kumachitika kwa ambiri ovulala msana, ndipo pa mpikisano kungathe kumugwetsa. Miyendonso tinaimanga. Lily anatsala ndi chitenje chimodzi cha ku Mvano, ndipo anati chimenecho ngakhale atalamula dokotala sachipereka.

Vitorino analowa m'gulu la Loweruka lija. Sabata iliyonse ankapikisana ndi Golden, ndipo sabata iliyonse ankaona msana wa Golden. Mpata unkachepa, koma sunkatha. Telala ankati akafika pamzere, amatulutsa tepi yoyezera zovala n'kuyamba kuyeza mtunda umene wamusiya, mokweza mawu, ngati akuyeza thalauza.

M'nyengo yozizira kunabwera mpikisano waukulu pabwalo lina ku boma, wa magulu a Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Asanayambe, aliyense ankayenera kuyezedwa kuti aikidwe m'gulu la anthu amene matupi awo amagwira ntchito mofanana. Paja sungapikisanitse munthu wopanda mwendo ndi munthu amene thupi lake limathera pachifuwa n'kunena kuti wachita chilungamo. Tinamva kuti kwina anthu ena amanamizira kufooka kuti aikidwe m'gulu losavuta. Mlamu wanga anali woyamba kunamizira mphamvu.

Oyeza anali a Emma ndi bambo wina wamagalasi wochokera ku Blantyre. Anamukhazika pabenchi yopanda chotsamira. Ndinadabwa kuona kuti wakhala njo ngati msilikali, ngakhale ankapuma ngati nkhuku yothamangitsidwa.

"Siyani kugwira benchi, bambo," anatero amagalasi.

"Sindikugwira, bwana. Ndikungoipatsa moni."

"Kwezani manja onse m'mwamba, ngati mukuimba aleluya."

Anakweza. Kwa kanthawi zinaoneka ngati zitheka. Kenako anayamba kupendekera kumbuyo pang'onopang'ono ngati nthochi yodulidwa, manja akadali m'mwamba, nkhope ili yaulemu ndithu, mpaka a Emma anamuwakha. Powakhapo anamva chinthu cholimba pansi pa malaya. Atakweza malaya, anapeza chubu cha njinga chitazengedwa kuyambira m'chiuno mpaka m'khwapa.

"Chubu changa chatsopano!" ndinakuwa. Ndinali nditachifunafuna sabata yonse, mpaka kukayikira anyamata a kabaza.

"Alamu, za m'banja tikakambirana kunyumba," anatero.

Amagalasi anavula magalasi n'kupukuta misozi. Anati pa zaka zonse zimene agwira ntchitoyi sanaonepo wakuba wodzibera yekha. Anamuika m'gulu la amene mimba ndi msana sizigwira ntchito. Golden anapita gulu lina.

"Amayi, mwandiika ndi odwala," anadandaula kwa a Emma.

"Taonani mikono yawo kaye musanawatchule odwala."

Analidi amuna amphamvu. Mmodzi wa ku Thyolo anagwa pa thirakitala ya ku esiteti, wina wa ku Phalombe anagweredwa ndi khoma nthawi ya namondwe, onse atamangidwa malamba ogula kusitolo. Wathu yekha ndi amene anali m'maluwa. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza ndi kamphepo kozizira, ndipo botolo la Lily linapuma tsiku limenelo. Likhweru litalira, wa ku Thyolo anatsogola. Pokhota Vitorino anamupeza. Ndinamva chinthu chimene ndinali nditachiiwala: ankaimba. Mpweya unali wochepa, mawu ankatuluka oduladula, koma inali nyimbo yachilomwe yonyoza. Anafika pamzere yekhayekha. Lily anathamanga m'bwalo akulira ndi kululuta nthawi imodzi, ine ndinakumbatira munthu wosamudziwa.

Anamuveka mendulo n'kumupatsa chidebe chatsopano chapulasitiki. Iye nkhope inali ngati wamwa mankhwala a malungo.

"Alamu, simukusangalala?"

"Ndapambana anthu amene sanandilakwire," anatero.

Mpikisano womaliza unali wopatsirana. Boma lililonse linkatulutsa anthu anayi a magulu osiyanasiyana. Aliyense amathamanga chigawo chake, akafika pa mnzake amamugunda paphewa, mnzakeyo n'kupitiriza. Ku Mulanje anasankha atsikana awiri oyamba, Vitorino wachitatu, Golden womaliza. A Emma anamufotokozera mobwerezabwereza.

"Mukafika pa a Golden, muwagunde paphewa, basi. Ntchito yanu yathera pomwepo. Lero ndinu a gulu limodzi. Mwamva?"

"Ndamva, amayi."

Atsikana aja anachita bwino. Pamene wachiwiri ankagunda phewa la Vitorino, Mulanje inali patsogolo pang'ono. Iye anauyatsa, mateyala akumwaza matope, ndipo mpata unakula. Bwalo lonse linaimirira. Kutsogolo Golden anali ataima pamalo pake, phewa atalipereka, akuyang'ana m'mbuyo. Vitorino anayandikira. Anayandikiranso. Ine ndinaona khosi lija likutupa.

Anamudutsa ngati mphepo.

"Ndakupitirira, telala! Anthu inu mwaona! Ndamupitirira!"

Golden anakhala kukamwa yasa. Kenako anazindikira kuti popanda kugundidwa sangawerengedwe, ndipo anayamba kuthamangitsa mnzake wa gulu limodzi.

"Ndigundeni, achimwene! Ndigundeni!"

"Ndipeze kaye!"

A Emma anagwira kumutu. Wa ku Thyolo, amene anali atagundidwa bwinobwino, anachepetsa liwiro kuti aonerere. Vitorino anali atathamanga kale chigawo chake, mpweya unali utatha, koma ankakankhabe, lilime lili panja. Golden anamupeza pokhota. Mkwiyo unamuiwalitsa malamulo, ndipo anamuwomba mbama pankhongo. Vitorino anabweza osaganiza, chikhatho chinatera paphewa pa telala, phwa!

"Zikomo!" anakuwa Golden, n'kuuluka.

Anafika pamzere woyamba. Oweruza anakangana nthawi yaitali. Wina ankati kugunda ndi kugunda, kaya n'kwachikondi kaya n'kwandewu. Amagalasi anati kugundako kunachitikira kunja kwa malo ake, komanso malamulo salola kuti anthu a gulu limodzi amenyane. Chikho chinapita ku Thyolo. Atsikana athu awiri aja analira, ndipo apa mpamene mlamu wanga anachita manyazi. Anapita kwa iwo, chitenje chikadali pachifuwa, n'kupepesa ndi mawu apansipansi amene ine sindinkadziwa kuti ali nawo. Anawapatsa chidebe chija kuti agawane. Mmene anagawanira sindikudziwa.

Pa lole yobwerera Golden anakhala chofulatira mpaka pa Chitakale. Kenako anatembenuka.

"Achimwene, ndinali nditaima."

"Zoima ndi zanu. Ine ndinakupitirirani."

"Munthu woima!"

"Ndani anakuuzani kuti muime?"

Lole yonse inafa ndi phwete, ndipo Golden naye analephera kudzigwira.

Lero Vitorino ndi mmodzi mwa othamanga odziwika m'gulu lake kuno kumwera, ndipo anapitako ku Lilongwe, ulendo wake woyamba kuwoloka Shire pa Zalewa. A Emma anamuuza mosabisa kuti pa mtunda wofanana, msana wake sudzamulola kugonjetsa Golden, ndipo si ulesi kapena ufiti. Iye anayankha kuti madokotala nawonso amalakwitsa. Akamva kuti kwinakwake munthu wavulala msana ndipo wakhala pakhonde osalankhula, amapita ndi Golden kukamuona. Samupepesa. Amayamba kukangana pamaso pake za amene ali ndi liwiro, mpaka wodwalayo atatopa n'kulowererapo. Gulu la Loweruka lakula ndi anthu otere.

Mpikisano wopatsirana amathamangabe. Koma a Emma anasintha ndondomeko: Golden ndi wachitatu, Vitorino ndi womaliza, kumene kutsogolo kulibe munthu woti amugunde.